Mtima Wachilendo m'Chifuwa cha Tiya

Ndinali nditadzola kale fumbi kumutu, nsalu yamaliro ili m'chiuno, pamene Ipuyi anandikoka dzanja pakhomo la nyumba yokonzera mitembo.

"Mayi Henuti, tabwerani muone. Koma musakuwe, chonde musakuwe."

Kundiuza ine kuti ndisakuwe! Kukuwa ndiye ntchito yanga. Tsidya lino lakumadzulo kwa mtsinje munthu wolemera saikidwa popanda ine, chifukwa ndine ndimayenda kumutu kwa bokosi m'malo mwa Isisi, mulungu wamkazi wolira akufa. Tsiku limenelo tinkaika Bwana Kaha, kapitawo wa nkhokwe za kachisi. Ng'ombe zokoka chileyi zinali zitafika, anzanga olira akundidikira panjira.

Ipuyi ndiye wokonza mitembo wamkulu kwathu kuno, nkhalamba ya manja akuda bii ndi utomoni, yamantha ngati mbewa. Anandilowetsa m'kati n'kundiimika pagome la mwala lakumapeto. Pamenepo panagona mng'ono wanga Tiya. Iyeyu ankafulula mowa kunyumba kwa Kaha, ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa bwana wakeyo atatsikira kulichete. Koma osauka amadikira. Anamusiya mumchere woumitsa mitembo mpaka atamaliza kukulunga wolemerayo, ndipo m'mawa umenewo ndi pamene anamufukula.

"Onani bala ili m'nthitimu," anatero Ipuyi. "Ndinacheka ndine, laling'ono, longokwana dzanja langa. Onani mmene lang'ambikira."

"Makoswe?"

"Makoswe samanga mfundo, mayi."

Anapisa dzanja m'chifuwa cha Tiya n'kutulutsa kanthu kokulungidwa m'bafuta wosalala, nsalu imene mng'ono wanga sanaivalepo chibadwire.

"Mtima sitichotsa, inu mukudziwa. Mapapo, chiwindi, chifu ndi matumbo zimapita m'mitsuko, koma mtima umatsala m'malo mwake. Wa Tiya ndinausiya wolumikizika bwinobwino. Wina waudula."

"Nanga uwu ndi wa yani?"

Nkhalambayo inasendera pafupi. "Musandinenere kwa akuluakulu, mayi, andidula mphuno. Tsiku lomwe ndinkachotsa mapapo a Bwana Kaha mpeni unanditerereka, mtima n'kuthothoka. Ndinaukulunga ndekha n'kuubwezera. Mfundo iyi ndi yanga."

Ndinagwira gomelo.

"A Ipuyi, ngati wa Kaha uli muno, wa mng'ono wanga uli kuti?"

Anangocheukira kukhomo, kumene ng'ombe zinali zitayamba kukoka bokosi.

*

Abale inu, mutu wanga unaima. Ngakhale mwana amadziwa kuti ukafika pamaso pa Osirisi, woweruza akufa, mtima wako amauika pasikelo, mbali inayo kuli nthenga ya Maati, mulungu wa chilungamo. Ukalemera kuposa nthengayo, chilombo cha mutu wa ng'ona chimaumeza, ndipo iwe watha, sudzakhalaponso kwina kulikonse. Tsono mtima wa Kaha ndani sankaudziwa? Munthu ankakwapula alimi mpaka kukomoka chifukwa cha tirigu wodyedwa ndi mvuu. Ndiye Tiya wanga, amene ankatola nyerere zogwera mumtsuko kuti zisamire, akaime pasikelo ndi chimtima chimenecho! Ndipo dzuwa likapendeka manda a Kaha awatseka ndi dothi n'kudindapo chidindo. Wotsegula pambuyo pake amamukhazika pamtengo wosongoka.

"Munaonanso china chachilendo?" ndinafunsa.

"Pa mitima, ayi. Koma zifu zawo, mayi... zonse ziwiri zinali zakuda, fungo lake limodzi."

"Nanga si anadwala nthenda imodzi, nyumba imodzi. Musasoke, musakulunge, musauze munthu. Mwandimva?"

Ndinatuluka chothamanga. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Mlonda wa pakhomopo, Didiya, anali tambalale pamthunzi wa khoma akutafuna anyezi ndi mkate. Munthu ameneyu mkondo wake amagwiritsa ntchito pothyolera zipatso basi.

"Didiya, tsiku lomwe anayamba kukulunga Kaha analowa muno ndani?"

"Moni kaye, mayi wa misozi. Kapena moni naye mumasungira olemera?"

"Ndikuponda anyeziyo. Yankha."

"Aa, lero kwatentha! Analowa a Ipuyi ndi anzawo. Analowa akazi a malemu ndi mtolo wa nsalu, n'kukhalitsa ndithu. Potuluka maso ali gwa, ngati achokera kumsika. Analowanso Anubisi, mulungu wa mutu wa nkhandwe uja, kawiri."

"Ukunena Bambo Mena, wansembe wovala chigoba chake kumaso?"

"Ine ndinaona mutu wa nkhandwe. Zam'kati mwa chigoba sindifufuza."

"Kawiri bwanji? Wansembe amabwera kamodzi, kudzaika chikumbu chamwala pachifuwa cha wakufa."

"Madzulo anabweradi ndi mapemphero ake, anthu onse alipo. Koma analowanso masana, dzuwa lili paliwombo, onse atapita kukadya. Anali yekha. Ine ndinagwetsa nkhope pansi, ndinangoona mapazi."

"Mapazi otani?"

Didiya analeka kutafuna. "Mwandikumbutsa. Analibe nsapato. Pomwe Bambo Mena ndi nsapato zawo zoyera zija, ndikhulupirira amagona nazo."

"Iwe osamufunsa?"

"Ndifunse mulungu kuti nsapato wasiya kuti? Mayi, ndili ndi ana ine."

*

Ndinawapeza maliro atadutsa kale minda, ayamba kukwera njira ya miyala yopita kumapiri. Patsogolo wina ankathira mkaka panjira kuti chileyi chiterere, fumbi lili koboo, akazi akudziguguda pachifuwa. Anzanga atandiona anandilozera malo anga ndi maso okwiya. Ndinalowa pakati, ndinakweza manja, ndinaponya mfuu umodzi wautali kuti aliyense adziwe kuti Henuti wafika. Kenako ndinasendera pafupi ndi namfedwa.

Mayi Wabeti, mkazi wa Kahayo, ndi munthu wamtali, wowonda, wa mawu owerengeka. Ankayenda atagwira chingwe cha bokosi ndi zala ziwiri, ngati chili ndi matope.

"Mayi," ndinanong'ona, "munatuma ndani kuti avale chigoba cha Anubisi?"

"Lira, Henuti. Takuitanira zimenezo."

"Mayooo! Wapita mwini nkhokwe!" ndinakuwa, kenako pansipansi: "Mtima wa mng'ono wanga uli m'bokosi umu. Munaona kuti wa amuna anu ndi wolemera, ndiye mwaba wopepuka wa mwana wa eni kuti akadutsire pasikelo. Ndikuwa pano, anthu onse amve."

Anatembenuka kundiyang'ana. Ndinkayembekeza mantha, koma mayiyo anaseka, kuseka kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Ine kupulumutsa ameneyu?"

"Nanga munkachitanji nthawi yaitali m'nyumba ya mitembo?"

"Ndinkamuyang'ana. Ndinkafuna kutsimikiza kuti wafadi."

Ndinaponyanso mfuu wina kuti ndipeze mpweya.

"Tamvera," anapitiriza. "Iyeyu anadzikonzera yekha akadali moyo. Anasemetsa chikumbu cha mwala wobiriwira, chachikulu ngati chibakera. Kunsi kwake analembako mawu aja ouza mtima kuti usatsegule pakamwa, usaime ngati mboni yomutsutsa. Chili pachifuwa pakepo. Pansi pa mwala umenewo ngakhale mtima wa fisi ungadutse. Akanaufuniranji wa wantchito?"

"Ndiye wachita ndani?"

"Sindikudziwa, ndipo sindikufuna kudziwa." Anandiyang'ananso. "Mng'ono wakoyo ankaimba pofulula mowa. Nyumba yonse inkamva. Chaka chino analeka. Sunafunse chifukwa?"

Ndisanayankhe, mlamu wake anabwera kudzamugwira mkono, ine n'kutsala pakati pa njira.

*

Pamtengo wa mkuyu umene uli pakati pa chitunda ng'ombe zinaima kuti zimwe. Wansembe Mena anakhala pamwala, chigoba cha nkhandwe chili pamiyendo, thukuta lili kamukamu pamutu wake wometa. Bambo ameneyu akamayankhula amakhala ngati akuwerenga pakhoma la kachisi.

Ndinagwada patsogolo pake. "Bambo, ndifunseko."

"Mkazi wolira amalira. Safunsa."

"Tsiku loyamba kukulunga Bwana Kaha, masana munali kuti?"

"Kodi ndasanduka mwana wako? Ndinali tsidya, m'nyumba ya mulungu, kufukiza lubani pamaso pa anthu ochuluka. Ndinaoloka dzuwa litapendeka. Kafunse wopalasa bwato, ngati ulemu wakuthera."

"Pepani bambo. Koma Anubisi anaoneka masana akulowa m'nyumba ya mitembo."

"Zabodza. Mlonda uja amaledzera."

"Chigobachi munapita nacho tsidya?"

Apa anazengereza. Anasisita khutu lalitali la nkhandweyo ndi chala, ndipo ndinaona kuti khutu limenelo linali lakuda kwambiri kuposa linzake, utoto wake watsopano.

"Khutu linabenthuka," anatero monyinyirika. "Sindingaime pamaso pa wakufa ndi mulungu wa khutu limodzi. Ndinachisiya kwa mmisiri m'mawa kuti amate, ndinachitenga pobwerera."

"Mmisiri uti, bambo?"

"Alipo angati opaka utoto kumudzi kwanuko? Senebi. Si mlamu wako iyeyo?"

Pamenepo woyendetsa ng'ombe anakuwa, chileyi chinayambanso kukwekwereza pamiyala. Ine ndinakhalabe chogwada. Senebi, mwamuna wa Tiya. Munthu amene chimwalirire mkazi wake sanamete, sanadye chakudya chotentha.

*

Sindinavutike kumufuna. Anali kumapeto kwa mzere wa onyamula katundu wa wakufa, atasenza bokosi la tiziboliboli tija timakalimira bwana kudziko linalo. Anatipaka utoto ndi iyeyo. Ndinayang'ana mapazi ake, opanda nsapato monga mwa masiku onse, ndipo mtima unandipsa mpaka m'makutu.

Manda anali ataonekera kale, khomo lakuda m'thanthwe. Ndinamukoka kuseri kwa mwala waukulu.

"Alamu, tulani bokosilo."

Anatula pang'onopang'ono. Sanandifunse kuti kwagwanji.

"A Ipuyi amufukula lero," ndinatero.

"Ndinadziwa kuti aona. Ndimati mwina aona mawa."

"Ndiye simukukana? Inu, alamu? Munadula mkazi wanu ndi manja anuwa? Anakulakwirani chiyani mwana uja? Anakulonjezani chiyani a kwa Kaha, ng'ombe? Munda?"

Ndinamumenya pachifuwa ndi zibakera zonse ziwiri. Anangoima ngati chitsa. Nditatopa anayankhula, mawu ake otsika, osathamanga.

"Alamu, mumudziwa Tiya amene ankatola nyerere. Ine ndikudziwanso wina. Kaha ankamuitanira kunkhokwe, n'kutseka chitseko. Anayamba nthawi yokolola. Anamuuza kuti akaulula, ine anditumiza kukaswa miyala kuchipululu, kumene anthu sabwerako. Ndiye anakhala chete. Ankabwera kunyumba, kusamba, kusambanso, osagona."

"Bodza," ndinatero.

"Tsiku lina anapita kwa asodzi, anapeza ndulu ya ng'ona. Anathira mumtsuko wa bwana."

Ndinakumbukira zifu ziwiri zakuda zija, ndipo ndinakhala pansi pafumbi.

"Kaha atafa ndimati apuma. Sanapume. Ankangoti akumumva akubuula kuseri kwa khoma. Ndulu yotsala anamwa yekha, ine ndili kuntchito. Ndinamupeza akadapuma. Anandigwira apa, padzanja, akuti, 'Senebi, mtima wanga ukandinenera. Ukanena zonse.' Mawu ake omaliza ndi amenewo. Sananditsanzike n'komwe."

"Mukanabwera kwa ine!"

"Mukanatani? Chikumbu cha mwala wobiriwira mukanachipeza kuti? Osema ake ndi a kukachisi, ndipo amafunsa kuti mkazi wofulula mowa akubisa chiyani. Ndiye chigoba chija chitabwera m'manja mwanga ndinati milungu yandiona. Ndinaika mtima wa Tiya m'chifuwa cha iyeyo, kuti ukagone pansi pa mwala wake. Ukakhala chete, ukadutsa. Wa Kaha ulibe chotseka pakamwa."

Kutsogolo kunamveka kuti bokosi alitsitsa pachileyi. Nthawi inali kutha, ine mutu uli ziwiri.

"Nanga dzina, alamu? Pachikumbupo palembedwa dzina la Kaha. Akakaitana Kaha, akayankha ndani? Nanga mzimu wa Tiya ukamabwera kudzatera pathupi lake, ukapeza mtima wa munthu amene uja uli m'kati, ukalowa? Mwamugawa pawiri mwana wa mayi anga! Mwina mwamupulumutsa, mwina mwamutaya konse!"

Kwa nthawi yoyamba nkhope yake inagwedezeka. "Sindikudziwa. Ndafunsa mumtima mpaka kutopa, sindikudziwa. Ine ndimangojambula zimenezi m'makoma a manda. Pachithunzi chilichonse chimene ndinaphunzira, chilombo chimayang'ana mtima uli pasikelo. Sichiyang'ana munthu waima pambaliyo."

Anasenzanso bokosi lake.

"Mukanena, atsegula, ndipo Tiya apeza mtima wake, wopanda chophimba. Ine andikhazika pamtengo. Zimenezo musaziwerengere, sindikuziopa. Ganizani za iyeyo basi. Ndinu mkulu wake."

Anapita kukalowa mumzere, kundisiya ndi katunduyo.

*

Pakhomo la manda bokosi analiimika chilili, nkhope yagolide itayang'ana dzuwa. Bambo Mena anali atavala chigoba, ataligwira kumbuyo. Mwana wa Kaha, atafunda chikopa cha kambuku, anakweza kansompho kuti akhudze milomo ya bokosi, atsegule pakamwa pa bambo ake. Amisiri anali atakanda kale dothi lotsekera khomo, akungodikira ndi madengu awo.

Ine ndinafika wefuwefu, osadziwabe chimene ndichite. Ndikakhala chete, mng'ono wanga agona mpaka muyaya ndi mtima wa munthu amene anamuzunza, wakewo uli m'chifuwa cha yemweyo. Ndikanena, akaima pasikelo ndi imfa ziwiri m'manja. Ndinamukonda mwana ameneyu kuposa maso anga, ndipo njira zonse ziwiri zinkaoneka ngati kumupereka.

Kansompho kanakhudza milomo. Amuna anayi anagwira bokosi kuti alipendeketse.

"Imani!"

Mawuwo anatuluka okha. Zitoliro zinaleka. Anthu onse anatembenuka, ndipo mutu wa nkhandwe unandiyang'ana.

"Mkazi iwe, watani?" anatero Bambo Mena m'kati mwa chigoba.

Ndinaona Senebi atatseka maso. Ndinaona Mayi Wabeti akundiyang'anitsitsa, osaphethira. Mawu onse anali okonzeka palilime: tsegulani bokosili, muli mtima wa eni.

"Isisi sanatsanzike," ndinatero.

Wansembe anadzuma, n'kugwedeza dzanja kuti ndifulumire. Ndinapita ndinakumbatira bokosilo, tsaya langa pachifuwa chake, pamene matabwa anali otentha ndi dzuwa. Anthu ankaona wolira akugwira ntchito yake. Ine ndinaika milomo pathabwa.

"Tiya, ndine achemwali ako. Uli pamalo poipa, ndikudziwa, pirira. Akakufunsa kumeneko usayankhe kanthu. Ukhale chete ngati mmene unkakhalira kuno. Wamva, mwana wa mayi?"

Anachita kundichotsapo ndi manja. Bokosi linalowa, katundu analowa, wansembe anatuluka chafutambuyo akusesa mapazi a anthu. Ndinaima pomwepo mpaka dothi linafika pamwamba, chidindo n'kudindidwa. Pamene anthu ankakhala pansi kuti adye mkate ndi nyama ya maliro, ine ndinatsika phiri ndekha.

*

Ipuyi ndinamupeza pomwe ndinamusiya, akuzungulirazungulira gome ngati nkhuku yofuna poikira. Kamtolo kabafuta kaja kanali pambali pa Tiya.

"Mwaupeza, mayi?"

"Palibe chinasowa, a Ipuyi. Munaona molakwa. Maso akukalamba."

Anandiyang'ana, anayang'ana kamtoloko. Nkhalamba yamantha imamva msanga.

"Inde, mayi. Maso akukalambadi."

"Bwezerani m'chifuwamo. Musoke."

Anaunyamula ndi manja awiri n'kuulowetsa. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa sindinafune kuona chinthu chimenecho chikulowanso m'thupi la mng'ono wanga. Atatenga singano anaima, n'kupita pakona pamene amasunga zinthu zake. Anabwera ndi kanthu m'dzanja.

"Mayi Henuti, ine ndinalephera kumulondera mwanayu. Ichi ndi chikumbu changa, ndinadzisungira ndekha. Ndi chadothi lowotcha, chaching'ono, koma mawu ake ndi omwewo, ndipo dzina sindinalembetsepo. Ndimuike pachifuwa. Mtima uliwonse umene uli m'katimu ukakhala chete."

Anali atatambasula kale dzanja pamwamba pa Tiya. Ndinamugwira pamkono mwamphamvu, mpaka kachikumbuko kanagwera pansi.

"Ayi. Musaikepo kanthu."

"Mayi, ukapita wosatseka pakamwa ukanena zonse!"

"Ukanene," ndinatero. "Ukayambire kunkhokwe. Sokani."